Amati tsoka silinunkha, koma la pikapu limanunkha

Imani pa Lizulu kapena pa Jenda tsiku la msika, dzuwa litapendeka, muone mmene pikapu imapakiridwira. Pansi amayala matumba a mbatatesi, aja osokerera kukamwa mpaka kutalika ngati mnyamata wa sitandade 8. Pamwamba pake kabichi. Kenako madengu a tomato, njinga ziwiri, mbuzi yomangidwa miyendo, ndipo pamwamba pa zonsezi, anthu. Chitseko chakumbuyo amachigwetsa n'kuchikoleka ndi chingwe kuti pakhalenso anyamata atatu, miyendo ili lendelende. Mphuno ya galimoto yaloza kumwamba, kumbuyo kwatsala pang'ono kukhudza dothi. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kufunsa dalaivala ngati sitinachuluke. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Madala, iyi ndi Hilux. Imakoka iyi. Kwerani tizipita, kwada."

Ndinakwera. Ndisaname, ndinakwera, chifukwa ikanandisiya ndikanagona pakhonde la sitolo. Ndipo dalaivala uja sananame, inakokadi. Koma mawu akewo ndi amene ndikufuna kulimbana nawo lero, chifukwa ndi amene akutipititsa kumanda. Tonse timayeza mphamvu ya pikapu poona ngati yanyamuka. Kunyamuka n'kosavuta. Injini ya dizilo pa giya yoyamba imasuntha katundu wochuluka kawiri kapena katatu kuposa amene galimotoyo inapangidwira; ngakhale ng'ombe ziwiri zowonda zimasuntha ngolo yodzadza njerwa. Nkhani ili pa kuima. Mwana akadumphira pamsewu, iima? Ikafika pakona ili paliwiro, ikhota kapena ilowera kutchire?

Opanga galimoto anayankha kale, ndipo yankho lawo lili pa kachitsulo kokhomedwa pamphuthu ya chitseko kapena m'kati mwa boneti. Pamenepo pali nambala yotchedwa GVM, ndiko kulemera kumene galimotoyo siyenera kupitirira mukaphatikiza chitsulo chake, mafuta, dalaivala, okwera ndi katundu yense. Mukachotsapo kulemera kwa galimoto yopanda kanthu, chotsalacho ndiye gawo lanu. Kwa mapikapu amene adzadza m'misewu yathu, Toyota Hilux, Nissan Hardbody, Isuzu, Ford Ranger, chotsalacho chimakhala pakati pa makilogalamu 800 ndi tani imodzi ndi pang'ono. N'chifukwa chake timawatcha wani tani. Ka Nissan NP200 malire ake ndi makilogalamu 800, ndipo ka Nissan 1400 kakale kaja, kamene kamakana kufa, n'ka hafu tani basi.

Tani imodzi ndi matumba 20 a chimanga, a feteleza kapena a simenti. Koma ngakhale 20 yemweyo si wanu yense. Tiyerekeze kuti pakachitsulo palembedwa 2,800 ndipo galimotoyo yopanda kanthu imalemera 1,750. Mwatsala ndi 1,050. Dalaivala wakhala pachiwongolero, chotsani 70. Kondakitala ndi mayi wina akhala naye kutsogolo, chotsani 130. Zitsulo zowotcherera m'mbali zija, sipeya wachiwiri, jeke ndi chigubu cha dizilo, chotsani 100. Mwatsala ndi 750, ndiwo matumba 15. Pikapu ya zitseko zinayi, ija mabwana amaikonda, ndiye imanamiza kwambiri: imaoneka yamphamvu, koma thupi lake n'lolemera kale, ndipo mukalowa anthu asanu m'kati, kumbuyo kwatsala malo a matumba 10 kapena 12 okha.

Tsono werengani anthu. Munthu wamkulu timuike pa makilogalamu 60, kumuchitira chifundo. Anthu 25 ndi tani imodzi ndi theka, kawiri ka 750 uja, aliyense ali chimanjamanja. Koma Mmalawi sayenda chimanjamanja. Ali ndi kathumba ka ufa, nkhuku, mtolo wa nzimbe, mwana kumsana.

Diso nalonso limatipusitsa. Timawerenga matumba ngati thumba ndi sikelo, chonsecho thumba losokerera la mbatatesi limameza matumba awiri a chimanga, mwina kuposa. Womanga nyumba ku Area 25 kapena ku Machinjiri amaitana pikapu kuti imutengere mchenga, ndipo sakhutira mpaka bodi itadzadza pakamwa. Sadziwa kuti mchenga wodzadza bodi ya pikapu umaposa matani awiri, ndipo ukakhala wonyowa, wongofukulidwa kumene mumtsinje, umalemera koposa. Diramu ya malita 200 a madzi ndi makilogalamu 200, osawerengera diramuyo. Madiramu asanu, nkhani yatha. Makala ndiwo opepukirapo, koma amawunjikidwa mpaka kupitirira denga, ndipo katundu akakwera m'mwamba galimoto imasanduka dengu losenzedwa ndi mwana: kupendeka pang'ono, lagwa. Anthu oimirira kumbuyo ndi choncho, ndipo iwo amawonjeza vuto lina, chifukwa thumba limakhala pamene mwaliika pamene anthu pakona amatsamira mbali imodzi onse pamodzi.

Apa mwini pikapu amamwetulira. Iye anachenjera kale. Anapita kwa amakaniko a pansi pa mtengo, anawonjezera masipuling'i awiri kapena atatu mbali iliyonse, ndipo tsopano galimoto yake ngakhale isenze matumba 40 siikhala pansi. "Ndinailimbitsa," amatero, akumenya bodi ndi chikhatho.

Sanailimbitse, anangoitseka pakamwa. Kukhala pansi kuja kunali kulira kwa galimoto, kunena kuti ndalemedwa. Masipuling'i owonjezera sakulitsa mabuleki, salimbitsa ekiselo, sasintha mabering'i, matayala kapena chasisi. Zonsezi zatsala za tani imodzi, kungoti tsopano palibe chokuchenjezani. Ndipo pali chinthu china chimene eni magalimoto ambiri sanauzidwepo. Mapikapu ambiri akale ali ndi kavalavu pafupi ndi ekiselo yakumbuyo kamene kamagawa mphamvu ya mabuleki. Kamadziwa kulemera kwa katundu poona mmene bodi yatsikira: ikatsika kwambiri, kamatumiza mphamvu yochuluka kumawilo akumbuyo, ikakhala m'mwamba, kamachepetsa, kuti galimoto yopanda kanthu isaterereke. Mukawonjezera masipuling'i, bodi siitsika monga kale, ndipo kavalavu kaja kamayesa kuti katundu ndi wochepa. Mwasenza matani awiri, koma mabuleki akumbuyo akugwira ngati mwanyamula theka lake. Munthu analipira ndalama zake kuti anamize galimoto yake yomwe.

Katundu akalundikana kumbuyo kwa mawilo, makamaka pachitseko chogwetsa chija, mawilo akutsogolo amapepuka ngati mbali ina ya sikelo. Mawilo amenewo ndiwo amakhota, ndiwonso amagwira gawo lalikulu la ntchito yoimitsa galimoto. Dalaivala amamva chiwongolero chikufewa m'manja, n'kumati galimoto ikuyenda bwino lero. Usiku nyali zake zimaloza m'mitengo ndi m'maso mwa amene akubwera kutsogolo, pamene wanjinga ali pamphuno pake sakumuona.

Matayala nawo amalankhula, kungoti sitiwawerenga. Pambali pa tayala pali nambala yosonyeza katundu amene lingasenze. Tayala la pikapu lolembedwa 195R14C, lokhala ndi nambala 106, limasenza makilogalamu 950 likapopedwa mokwanira. Awiri akumbuyo pamodzi ndi 1,900, ndipo gawo lalikulu ndithu la kulemerako latengedwa kale ndi galimoto yeniyeniyo. Koma yang'anani zimene zavekedwa pa mapikapu a matola. Ena ndi matayala a galimoto zazing'ono, a nambala 91, amene malire ake ndi makilogalamu 615. Ena ndi akaunjika, anatha ntchito kwawo asanakwere sitima. Zaka zake zalembedwanso pomwepo, manambala anayi: 2318 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Tayala lolemedwa limapindika m'mbali pa kuzungulira kulikonse, likapindika limatentha, ndipo pa phula la mu Okutobala kuchigwa cha Shire silichedwa kugonja. Likaphulika, mawa mudzamva pa wailesi kuti ngoziyo inachitika chifukwa tayala lakumbuyo linaphulika, ngati kuti linangoganiza lokha.

Koma pamene nkhani imathera ndi pamtsetse, ndipo dziko lathu ndi la mitsetse. Kuchoka ku Blantyre, mamita pafupifupi 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, kutsikira ku Thabwa mpaka ku Chikwawa, msewu umagwa ndi mamita pafupifupi 900. Pali Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, pali Chiweta potsikira kunyanja. Buleki ntchito yake ndi imodzi, kusandutsa liwiro kukhala kutentha. Kulemera kukawirikiza kawiri, kutenthako kumawirikizanso kawiri. Liwiro likawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Mabuleki a pikapu anapangidwa kuti amwaze kutentha kwa galimoto imene ili m'malire ake. Akapsa mopitirira, amayamba kuterera m'malo mogwira. Mafuta a mabuleki nawo amawira: a mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano amapirira mpaka madigiri 205, koma amayamwa chinyezi chaka ndi chaka, ndipo akalowa madzi amatha kuwira pa madigiri 140. Ndi angati mwa eni matola amene anasinthapo mafuta amenewa chigulireni galimoto? Akawira, dalaivala amaponda buleki n'kumva phazi likungolowa mpaka pansi ngati waponda phala.

Wodziwa ntchito amatsika phiri ndi giya yotsika, injini ikulira, kuti ithandize kugwira galimoto. Koma dizilo ndi wodula, nthawi zina wosowa ndithu, ndiye ena amachotsa giya kuti igubuduke yokha, ena mpaka kuzimitsa injini, osadziwa kuti injini ikazima, chida chothandizira phazi kuponda buleki chimatha mphamvu mukangoponda kawiri kapena katatu. Apulumutsa theka la lita.

Akuluakulu amati tsoka silinunkha. Ine ndikuti ili limanunkha, ndipo aliyense amene anakwerapo matola pamtsetse amalidziwa fungo lake: lopsereza, lolasa m'mphuno, ngati wina akuwotcha nsapato. Ndi mabuleki amenewo. Limamveka patatsala makona angapo. Limaoneka ngakhale galimoto isananyamuke, matayala ataphwathalala, mphuno ili m'mwamba. Tikamafika pamaliro n'kumati inali nthawi yawo, Mulungu wakonda, timakhala tikumusenzetsa Mulungu mlandu wa matumba amene tinapakira tokha. Tsiku lija ndinakwera Hilux ija tinafika bwino, ndipo dalaivala anandiyang'ana monyadira polandira ndalama. Wayenda motero zaka zambiri osagwa, ndipo chaka chilichonse chimamutsimikizira kuti akulondola. Paja amati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Iyeyu akudzitama madzi ali m'chiuno.

Ndikudziwa chimene wina anene, ndipo sindichipeputsa. Anena kuti inu olemba m'nyuzipepala mumakhala m'tauni, mumakwera minibasi pakhomo. Ife kwathu pikapu imabwera imodzi patsiku, ikatisiya tomato awola, wodwala safika kuchipatala. N'zoona. Panali nthawi imene mabasi a kampani ya UTM ankalowa m'misewu yafumbi mpaka kumidzi yakutali, ali ndi nthawi yake yodziwika. Kampani ya Stagecoach inagula UTM mu 1989, inachoka mu 1997, kunabwera Shire Bus Lines, nayonso inatha. Mabasi a masiku ano amakonda phula. Matola sanabwere chifukwa anthu akumudzi sakonda moyo wawo, anabwera kudzatseka dzenje limene ena anasiya. Nayenso mwini pikapu ali ndi masamu ake: dizilo, matayala, zokonzetsa, ngongole, ndi kangachepe kosiya pa rodibuloko. Akanyamula anthu 12 okha, mtengo uyenera kukwera, ndipo ife tomwe okwerafe tidzathamangira kwa mnzake wonyamula 30.

Koma umphawi sufotokoza zonse. Amene amadzadza amayi ovala nsalu za chipani m'mapikapu ndi m'malole kupita nawo kumsonkhano si osauka, ndipo palibe chipani chimene chingaloze chinzake chala pa nkhani imeneyi. Kontilakitala wonyamula antchito ake pamwamba pa simenti ndi zitsulo si wosauka. Komiti ya ukwati imene yawononga ndalama zankhaninkhani pa keke ndi zokongoletsa holo, n'kubwereka pikapu imodzi yoti itute abale onse akumudzi, si yosauka. Mipingo popita kumisonkhano, matimu a mpira, masukulu: onsewa ali ndi atsogoleri odziwa kuwerenga. Pamaliro ndiye pamavuta kuyankhula, chifukwa ndani angauze mlamu wake kuti tsikani, galimoto yadzadza, bokosi lili pomwepo? Ndiye timakwera tonse, tikuimba, ndipo kangapo konse dziko lino lamvapo za anthu amene anafa akuperekeza maliro.

Boma nalo lili ndi masikelo, musaganize kuti silidziwa kuyeza. Alipo pa Balaka, pa Mwanza, pa Songwe, pa Mchinji. Amayeza malole akuluakulu, ndipo chifukwa chake n'chomveka: kafukufuku amene anachitika ku Ottawa m'chigawo cha Illinois ku America pakati pa 1958 ndi 1960 anasonyeza kuti kulemera kwa pa ekiselo kukawirikiza kawiri, msewu umawonongeka pafupifupi ka 16. Phula ndi lodula, ndiye timaliteteza ndi sikelo, ndi chindapusa, ndi ogwira ntchito usana ndi usiku. Pikapu, ngakhale ilemedwe bwanji, siiwononga phula kwenikweni. Imangowononga anthu. Ndiye imadutsa pambali pa sikelo osaima. Lipoti la bungwe la WHO la 2018 linayerekeza kuti m'Malawi muno anthu 31 pa anthu 100,000 aliwonse amafera pamsewu chaka chilichonse, pamene padziko lonse chiwerengerocho chinali 18. Dziko la magalimoto ochepa chonchi, imfa zochuluka chonchi.

COF, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, imayeza galimoto ili yopanda kanthu, yotsukidwa, mwina itavala matayala obwereka a tsiku limenelo. Pamsewu wapolisi alibe sikelo, ali ndi maso okha, ndipo mlandu woweruzidwa ndi maso umatha ndi kukambirana. Tonse tinaonapo masewero aja: patatsala pang'ono kufika pa rodibuloko anyamata asanu amatsika, amadutsa wapansi manja ali m'thumba ngati akupita kukaona anzawo, n'kukakweranso patsogolo pakona. Aliyense amaona, aliyense amadziwa. Apolisi akhala akunena kuti matola ndi oletsedwa, ndipo matola akhala akuyenda tsiku lililonse. Lamulo loletsa chinthu chimene anthu sangakhale popanda icho limangosanduka msika. Ngozi ikachitika ndiye pamene banja limadziwa kuti inshuwalansi ya galimoto yonyamula katundu kawirikawiri siiwerengera anthu olipira amene anakhala pabodi.

Sindikunena kuti anthu 12 kumbuyo kwa pikapu ali pabwino. Kulibe lamba, kulibe denga, kulibe chogwira. Ikagubuduzika onse amaponyedwa ngati chimanga chopetedwa. Pikapu si basi ndipo siidzakhala basi. Koma pakati pa basi imene kulibe ndi pikapu ya anthu 30 pali malo aakulu, ndipo m'malo amenewo ndi mmene boma likanayambira ntchito m'malo monamizira kuletsa. M'madera mmene mulibe basi, pikapu ipatsidwe chilolezo chonyamula anthu poyera, ikhale ndi mabenchi ndi zitsulo zogwira, aliyense akhale pansi, chitseko chakumbuyo chitsekedwe, ndipo inshuwalansi yake iwerengere okwera. Apolisi apamsewu apatsidwe masikelo onyamulika, aja oika pansi pa wilo, makamaka pamwamba pa mitsetse ikuluikulu, kuti nambala ndiyo iziyankhula. Wopezeka wapitirira atsitse katundu pomwepo; chindapusa chokha n'chopanda ntchito ngati galimoto ilipira n'kupitiriza ulendo ndi katundu yemweyo, ngati kuti risiti imaziziritsa mabuleki. Ndipo mlandu uzifika kwa mwini galimoto ndi kwa amene anaibwereka, osangothera pa dalaivala wolembedwa ntchito amene wauzidwa kuti madzulo abweretse ndalama zakutizakuti.

Chimene ndingayambire ine n'chotsika mtengo kuposa zonsezi. Nambala ija yabisala pamphuthu ya chitseko, m'zilembo zitatu za Chingerezi zimene ngakhale madalaivala ambiri sadziwa tanthauzo lake. Itulutsidwe. A Road Traffic, popereka COF, alamule kuti pambali pa pikapu iliyonse yochita malonda palembedwe ndi zilembo zazikulu, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, mogwirizana ndi kulemera kwa galimotoyo: MATUMBA 15 KAPENA ANTHU 12. Agogo amene sanapite kusukulu amadziwa kuwerenga mitu ya anthu. Wapolisi sangati sanaone. Mkulu wa mpingo kapena wapampando wa komiti ya maliro adzakhala ndi choloza pouza mlamu wake kuti adikire ulendo wachiwiri, osaoneka ngati wankhanza. Eni matola amapeza kale malo pabodi olembapo mavesi ndi mayina a matimu a ku England, ndipo penti ya mawu asanu amenewa siikwana ndi lita imodzi yomwe.